Mmene mungaphunzitsire mwana za dzuwa, nyenyezi ndi kuzungulira kwa dziko

Mwana aliyense amaona ndi maso ake dzuwa likutuluka kum'mawa, kukwera mpaka paliwombo, n'kukalowa kumadzulo. Mukangomuuza kuti ulendo umenewu si wa dzuwa, kuti chikuzungulira ndi nthaka imene wapondapoyo, avomera chifukwa wanena ndi wamkulu, ndipo aloweza pamtima, koma akatuluka panja akhulupirirabe zimene maso akumuuza. N'chifukwa chake kufotokoza kuzibwera pambuyo. Poyamba mwanayo ayeze yekha, alembe manambala m'kope, manambalawo amudabwitse, ndiye afunse. Zofunika ndi zochepa: ndodo yowongoka, chingwe, timiyala, wotchi yokhala ndi masekondi, mpira, nyali, katoni, singano, rula ndi kope. Telesikopu siyofunika pa zonse zimene zili m'munsimu. Ntchitozi zikuyenera ana a zaka kuyambira 7 mpaka 13, ndipo wamng'ono kuposa apa angathandize kuika timiyala.

Lamulo limodzi liyambe kumveka ntchito isanayambike: dzuwa saliyang'ana. Magalasi akuda ovala pakawala, galasi lodetsedwa ndi mwaye wa kandulo, filimu ya X-ray, CD, kapena madzi a m'beseni, zonsezi sizitchinjiriza diso. Mbali ya mkati kumbuyo kwa diso, imene imalandira kuwala, simva ululu. Mwana atha kupsa m'maso osalira n'komwe, vuto n'kudzaonekera patapita maola angapo, ndipo nthawi zina silichira. Kuyang'ana dzuwa ndi telesikopu kapena binoculars ndiye koopsa kwambiri, pakuti magalasi ake amasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi. Pa kadamsana lamulo ndi lomweli. Magalasi ovomerezeka oonera kadamsana amalembedwa ISO 12312-2, ndipo akakhala ndi kabowo kapena pokandika, atayeni.

Ndodo ndi chithunzithunzi chake

Pezani malo athyathyathya amene pamafika dzuwa tsiku lonse, kutali ndi mitengo ndi makoma. Zikani ndodo molimba kuti mbali yotsala pamwamba pa nthaka ikhale yotalika mita imodzi. Ndodoyo iime njo. Poyesa, mangirirani kamwala kuchingwe, gwirani chingwecho pafupi ndi ndodo, kamwalako kalende. Ndodo ikhale yolingana ndi chingwe mukaiyang'ana kutsogolo komanso mukaiyang'ana cham'mbali. Anthu ambiri amayang'ana mbali imodzi yokha, ndodo n'kukhala yopendekera mbali inayo, ndiye miyeso yonse imasokonekera.

Kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, ola lililonse, mwana aike kamwala pansonga penipeni pa chithunzithunzi cha ndodo, ayeze kutalika kwa chithunzithunzicho kuchokera patsinde, alembe nthawi ndi masentimita. Pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko aziyeza mphindi 15 zilizonse, chifukwa pamenepa ndi pamene pali chinthu chofunika kuchigwira.

Pofika madzulo pakhala mzere wa timiyala. Mufunseni mafunso atatu, inu musayankhe. Chithunzithunzi cha m'mawa chinaloza kuti? Chinali chachifupi kwambiri nthawi yanji? Timiyalati tayenda kuchokera mbali iti kupita mbali iti? Apeza kuti m'mawa chinaloza kumadzulo, madzulo chinaloza kum'mawa, ndipo timiyala tayenda kuchokera kumadzulo kulowera kum'mawa, mosemphana ndi dzuwa.

Chimene chimadabwitsa ana, ngakhalenso akuluakulu, n'chakuti chithunzithunzi chachifupi kwambiri sichifika pa 12 koloko yeniyeni. M'malo ambiri chimafulumira kapena kuchedwa, mwina ndi mphindi 10, mwina theka la ola, kwina kuposa apo. Wotchi yanu ilibe vuto. Nthawi ya pa wotchi inapanganidwa ndi anthu kuti dera lalikulu, nthawi zina dziko lathunthu, likhale ndi nthawi imodzi, pomwe dzuwa limafika paliwombo pa mphindi yakeyake pamalo aliwonse. Kuwonjezera apo, masana enieni a dzuwa amasunthasuntha m'kati mwa chaka: kumayambiriro kwa Novembala amafulumira ndi mphindi pafupifupi 16, pakati pa Febuluwale amachedwa ndi mphindi pafupifupi 14.

Tsiku lachiwiri, ndodo yomweyo ikupezereni mbali zinayi za dziko. Cha m'ma 9 koloko ikani kamwala pansonga pa chithunzithunzi. Koletsani chingwe patsinde pa ndodo mosamanga kwambiri, kuti chizitha kuzungulira, kokani mpaka pakamwalapo, ndipo ndi msomali womangirira pamenepo lembani mzere wozungulira ndodo. Chithunzithunzi chifupika n'kulowa m'kati mwa mzerewo, kenako masana atapendeka chiyamba kutalikanso. Nsonga yake ikangokhudzanso mzere uja, ikani kamwala kachiwiri. Mzere wowongoka wolumikiza timiyala tiwiriti wagona kuchokera kumadzulo, kumene kuli kamwala koyamba, kupita kum'mawa. Pezani pakati pake ndi rula, lembani mzere wina kuchokera pamenepo kudutsa patsinde pa ndodo. Umenewo ndiye wa kumpoto ndi kum'mwera. Musaufufute, muufuna usiku.

Zimene zimalakwika apa ndi zodziwika. Nsonga ya chithunzithunzi imaoneka yosalongosoka, ngati yofufutika, chifukwa dzuwa si kadontho, ndi chimbale chokula theka la digiri kumwamba (mkombero wathunthu uli ndi madigiri 360), ndiye kuwala kwa m'mphepete mwake kumalowerera mumthunzi. Ndodo ikatalika, kufufutikako kumakula. Ngati zikuvuta, ifupikitseni ifike masentimita 50, kapena khomani msomali pamwamba pake. Nthaka yotsetsereka imatalikitsa chithunzithunzi mbali imodzi. Ndipo ndodo ikagundidwa ndi phazi pakati pa tsiku, palibe kukonza, yambiraninso mawa.

Mwana wamkulupo mungamuuze kuti ndodo ngati yomweyi inagwirapo ntchito yaikulu. Zaka zoposa 2,200 zapitazo, katswiri wachigiriki Eratosthenes anaona kuti tsiku limene dzuwa linkafika paliwombo penipeni mumzinda wa Syene ku Egypt, mumzinda wa Alexandria m'dziko lomwelo linkapendeka ndi madigiri pafupifupi 7, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 50 a mkombero wathunthu. Atachulukitsa ka 50 mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo, anapeza kukula kwa dziko lapansi mosaphonya kwambiri. Lero tikudziwa kuti kuzungulira dziko pa ikweta, mzere wongoyerekeza wogawa dziko pakati kumpoto ndi kum'mwera, ndi makilomita pafupifupi 40,000.

Mwana asanduke dziko

Tsopano ali ndi funso: chikuyenda n'chiyani? Lowani m'chipinda chamdima. Ikani nyali imodzi yopanda chotchinga patebulo, molingana ndi nkhope ya mwana. Nyaliyo ndiye dzuwa, mutu wa mwana ndiye dziko, mphuno yake ndiye malo amene amakhala. Kudzanja lake lamanzere lembani ndi choko kuti KUM'MAWA, kulamanja KUMADZULO. Aime mamita awiri kuchokera panyali ataifulatira. Pamenepo ndi pakati pa usiku. Atambasule manja, ayambe kutembenukira kumanzere pang'onopang'ono, mapazi osachoka pamalo, mutu osaupotoza. Aona nyali ikutulukira pangodya ya diso la kumanzere, mbali ya kum'mawa: kwacha. Akayang'anizana nayo ndi masana. Ikazimiririka kudzanja lamanja, dzuwa lalowa. Mufunseni ngati nyali yasuntha.

Azungulire katatu kapena kanayi basi, kuopa chizungulire. Akatembenukira kumanja, dzuwa lake lituluka kumadzulo. Musamudzudzule msanga, musiyeni aone yekha kuti zasemphana ndi zimene ndodo inaonetsa.

Kenako tengani mpira. Matani kapepala pamwamba pake kolembedwa kumpoto, kena pansi kolembedwa kum'mwera, ndipo pakati pa mimba yake zunguzani chingwe kapena tepi ngati ikweta. Pamalo amodzi imikani kamtengo ka machesi ndi phula kapena kadothi. Zunguzani mpirawo ngati nguli, pang'onopang'ono, mosemphana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera mukauyang'ana kuchokera pamwamba. Kamtengo ka machesi kaponya chithunzithunzi chachitali kakamalowa m'kuwala, chifupika kakayang'anizana ndi nyali, n'kutalikiranso mbali ina. Ndi zomwe zija za panja, zili m'manja mwake. Onetsetsani kuti m'chipindamo muli nyali imodzi yokha. Makoma oyera kwambiri amabweza kuwala, mbali ya usiku ya mpira n'kuwala nayo, ndiye ngati zili choncho tchingani kumbuyo ndi nsalu yakuda.

Apa ana sachedwa kufunsa kuti, nanga bwanji sitikumva kuti tikuzungulira? Pa ikweta nthaka imathamanga makilomita pafupifupi 1,670 pa ola, liwiro loposa la ndege zonyamula anthu. Koma thupi la munthu silimva liwiro, limamva kusintha kwa liwiro. M'basi yoyenda mosagwedera pa msewu wosalala mutha kuponya kandalama m'mwamba n'kukawakha bwinobwino, mumadzamva kuti mukuyenda woyendetsa akaponda buleki. Dziko silinyamuka kapena kuima mwadzidzidzi, ndipo mpweya, nyanja ndi ife tonse timayendera limodzi nalo. Katswiri wa masamu wa ku India, Aryabhata, analemba m'chaka cha 499 kuti nyenyezi zimaoneka ngati zikupita kumadzulo monga mmene munthu wokwera bwato amaonera zinthu za kumtunda zikubwerera m'mbuyo. Umboni wooneka m'chipinda unadza mu 1851, pamene katswiri wa sayansi wa ku France, Léon Foucault, anapachika chitsulo cholemera makilogalamu 28 ku waya wotalika mamita 67 m'chinyumba chachikulu cha Panthéon ku Paris. Chitsulocho chinkalendewera uku ndi uku, ndipo pakutha kwa maola njira yake inkaoneka kuti yakhota, chifukwa pansi pake panali patatembenuka.

Kutuluka usiku

Sankhani usiku wopanda mitambo, mwezi uli kumdima kapena usanatuluke. Pitani pamalo pamene magetsi sakuthobwa m'maso. Khoma kapena mtengo ukakutchingirani babu ya pafupi, zathandiza kale. Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kungoyang'ana foni kamodzi kumawononga zonsezo. Ngati pakufunika kuwala kolembera m'kope, kutani tochi ndi pulasitiki yofiira kapena nsalu yofiira yopinda kawiri, pakuti kuwala kofiira kochepa sikusokoneza maso kwambiri. Ana agone chagada pamphasa kapena pabulangete, khosi lisawapweteke, ndipo avale zofunda ngakhale kukhale kotentha, poti munthu wongogona phee amazizidwa msanga. Kumalo amdima bwino, maso okha amaona nyenyezi pafupifupi 2,500 nthawi imodzi. Pakati pa mzinda waukulu zitha kuoneka zosakwana 100.

Muphunzitseni kuyeza thambo ndi dzanja. Atambasule mkono mpaka kumapeto, atseke diso limodzi. Chala chaching'ono chimaphimba digiri imodzi, chibakera chimaphimba madigiri pafupifupi 10. Muyesowu umagwira kwa mwana ndi wamkulu yemwe, chifukwa wa dzanja laling'ono amakhalanso ndi mkono waufupi. Kuti atsimikize, asanjike zibakera kuchokera m'chizimezime, pamene thambo lakumana ndi nthaka, mpaka pamwamba pa mutu. Zikwane 9, kutanthauza madigiri 90. Akapeza 7 kapena 6 ndiye kuti akupinda chigongono.

Tsopano asankhe nyenyezi yowala imene yangotuluka cha kum'mawa, ayeze kuti ili zibakera zingati kuchokera pansonga pa mtengo kapena padenga, alembe nthawi. Papite ola limodzi, abwerere pamalo omwewo, ayezenso. Nyenyezi yasuntha pafupifupi chibakera chimodzi ndi theka. Masamu ake aachite yekha: mkombero uli ndi madigiri 360, tsiku lili ndi maola 24, ndiye pa ola ndi madigiri 15. Dzuwa limayendanso chimodzimodzi masana. Funso loti aligonere ndi ili: zingatheke bwanji kuti dzuwa ndi nyenyezi zikwizikwi, zina zapafupi zina zakutali kosaneneka, zonse zigwirizane kutizungulira pa nthawi yofanana? N'chapafupi kuti wozungulirayo akhale mmodzi, ifeyo.

Gulu losavuta kuyamba nalo ndi la Orion, chifukwa limaoneka kulikonse kumene kumakhala anthu ambiri padziko, ndipo madzulo limaoneka bwino kuyambira Disembala mpaka Epulo. Pakati pake pali nyenyezi zitatu zondondozana pamzere umodzi, Akamwiniatsatana. Zitatuzi zimatulukira kum'mawa kwenikweni n'kukalowera kumadzulo kwenikweni, ndiye ziyeseni ndi mzere mudalemba pansi uja. Mukatsata mzere wa zitatuzi mbali imodzi mufika pa Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse za usiku. Mukatsata mbali inayo mudutsa Aldebaran yofiirira n'kufika pa kagulu kothithikana ka Nsangwe, kamene maso abwino amawerengamo zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri.

Si nyenyezi zonse zimene zimasuntha madigiri 15 pa ola mooneka. Zimene zili kufupi ndi kumpoto kapena kum'mwera kwa thambo zimayenda timikombero ting'onoting'ono, monga mmene pakati pa gudumu pamayendera pang'ono pomwe m'mphepete mukuthamanga. Amene ali kumpoto kwa ikweta apeze Polaris, imene imakhala ngati yakhomedwa pamalo amodzi usiku wonse. Kum'mwera kwa ikweta kulibe nyenyezi yowala yotere, koma kuli Mtanda wa Kum'mwera, umene akatswiri amautcha Crux. Tsatani mzere wautali wa mtandawo kuchokera kumutu kudutsa kuphazi, muupitirize kanayi ndi theka kutalika kwake. Pamene mwafikapo, pamalo opanda kanthu, ndiye pakati pamene thambo la kum'mwera limazungulira. Tsitsani dzanja molunjika pansi, kumeneko ndi kum'mwera. Chenjerani ndi mtanda wina wokulirapo ndi wosawala kwambiri umene uli chapafupi, umene umasokoneza ambiri. Mtanda weniweni uli ndi nyenyezi ziwiri zowala kwambiri pambali pake zouloza.

Mphindi zinayi zosowa

Ntchito iyi ndi imene imapindulitsa kwambiri pa zonse, ngakhale imafuna kudekha kwa mlungu wathunthu. Pezani khoma, mlongoti kapena ngodya ya nyumba yoima chilili, ndipo inu muime chakum'mawa kwake pang'ono kuti nyenyezi zizibisala kuseri kwake zikamapita kumadzulo. Chofunika koposa n'chakuti diso la mwana lizikhala pamalo amodzimodzi usiku uliwonse. Kuima pa chizindikiro cha pansi sikukwanira, chifukwa mutu ukasuntha masentimita ochepa, nthawi imasintha ndi mphindi zingapo. Zikani mtengo wina, mukhomepo kachitsulo kabowo kapena katoni yoboola, azisuzumira pabowopo. Khomalo likhale mamita 5 kapena kuposa kuchokera pabowo. Likatalikira, muyeso umalondola bwino.

Asankhe nyenyezi yowala imene yatsala pang'ono kubisala. Ikangoti zii, afuule, wina alembe ola, mphindi ndi masekondi. Mawa abwerere kudakali mphindi 10. Nyenyezi yomweyo ibisala mofulumirako ndi mphindi 3 ndi masekondi 56. Pakatha masiku 7 kusiyana kwafika pafupifupi mphindi 27 ndi theka, pakatha masiku 15 pafupifupi ola, pakatha mwezi pafupifupi maola awiri. Ngati tsiku lina kunali mitambo, palibe chatayika, agawe kusiyanako ndi chiwerengero cha masiku amene apita.

Chimene wapeza n'chakuti dziko limamaliza kuzungulira kamodzi pa maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4. Nanga maola 24 achokera kuti? Bwererani ku nyali ija. Pakhoma la kuseri kwa nyali matani kapepala, kakhale nyenyezi yakutali. Mwana ayang'anizane ndi nyali ndi kapepala zonse pamzere umodzi. Tsopano azungulire kamodzi kumanzere, koma pozungulirapo asunthe phazi limodzi lalikulu kumanja kwake, mozungulira nyali. Akayang'ananso khoma lija molunjika, aona kuti nyali yatsalira chakumanzere, afunika kutembenukanso pang'ono kuti ayang'anizane nayo. Dziko limachita zomwezo. Pozungulira dzuwa m'masiku 365 ndi maola pafupifupi 6, tsiku lililonse limasuntha pafupifupi digiri imodzi, ndipo kutembenuka digiri imodzi yowonjezerayo kumatenga mphindi 4. Timphindi timeneti tikaunjikana ndi timene timachititsa kuti nyenyezi za madzulo a Januwale zikhale zina, za Julayi zina. Maola 6 otsala aja nawo ndi amene amabala 29 Febuluwale pa zaka zinayi zilizonse.

Manambala akakana kugwirizana, kawirikawiri chifukwa chake ndi chimodzi mwa izi: wasintha nyenyezi osadziwa, bowo losuzumira lagwedezeka, kapena chimene wasankhacho ndi pulaneti. Mwezi ndiye musayese nawo n'komwe, umachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse chifukwa uli pa ulendo wakewake wozungulira dziko.

Kuyeza dzuwa osaliyang'ana

Dulani kawindo kakang'ono pakati pa katoni, mukatseke ndi pepala lonyezimira la aluminiyamu, ndipo boolani kamodzi ndi nsonga ya singano, bowo losapitirira milimita imodzi. Mwana afulatire dzuwa, anyamule katoniyo pamwamba pa phewa, kuwala kodutsa pabowo kugwere papepala loyera limene lili mita imodzi yeniyeni kuchokera pabowo. Pepalalo liyang'anizane ndi kuwalako molunjika, likapendeka kadontho kamakhala ngati dzira. Kadontho kozungulira kamene kakuonekako ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo. Alembe m'mphepete mwake ndi pensulo yosongoka, ayeze. Kakhala pafupifupi mamilimita 9.

Dzuwa lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni. Kadontho kakula mamilimita 9 pa mtunda wa mamilimita 1,000, ndiye dzuwa lakula magawo 9 pa magawo 1,000 a mtunda wake. Achulukitse 150,000,000 ndi 9, agawe ndi 1,000, apeza makilomita 1,350,000. Muyeso wa akatswiri ndi pafupifupi 1,392,000. Kwa mwana wa singano ndi katoni, kumeneko ndi kulasa. Bowo likakula, kadontho kamawala koma kamafufutika m'mphepete n'kuoneka kokulirapo. Kakakhala kosaoneka bwino chifukwa cha kuwala kozungulira, ikani pepala loyeralo m'kati mwa bokosi. Mukadzadutsa pansi pa mtengo wa masamba ambiri masana, muonetseni timadontho tozungulira ta kuwala pansi: mipata ya pakati pa masamba ikugwira ntchito ya singano ija.

Dzuwa ndi nyenyezi, nyenyezi ndi madzuwa

Manambala a mamiliyoni salowa m'mutu mwa mwana, ndipo kunena zoona salowanso m'mutu mwa wamkulu. Achepetseni. Mpira wamiyendo, umene ndi wa masentimita 22 kudutsa pakati, ukhale dzuwa. Dziko lapansi ndi locheperapo ka 109, ndiye likhala kamkanda ka mamilimita 2. Mwana anyamule kamkandako, ayende mamita 24 kuchokera pampira, atembenuke aone. Umo ndi mmene zilili. Mwezi ndi kamchenga kali masentimita 6 kuchokera pakamkanda. Mufunseni kuti nyenyezi yapafupi kwambiri, Proxima Centauri, tiiike pati. Aloza kumapeto kwa bwalo. Yankho lake ndi makilomita opitirira 6,000 kuchokera pampirapo.

N'chifukwa chake mitunda ya nyenyezi imayezedwa ndi nthawi imene kuwala kumatenga. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Kuchokera kumwezi kumafika pa sekondi imodzi ndi kachidutswa, kuchokera kudzuwa pa mphindi 8 ndi masekondi 20, kuchokera ku Proxima Centauri pa zaka zoposa 4, kuchokera ku Sirius pa zaka 8 ndi miyezi pafupifupi 7. Mwana wa zaka 9 akamayang'ana Sirius, kuwala kumene kukulowa m'diso lake kunanyamuka iye ali khanda.

Dzuwa ndi nyenyezi ngati zinazo, kungoti lili pakhomo. Si moto wa nkhuni wofuna mpweya. Pakati pake, pamene pamatentha madigiri a Celsius pafupifupi 15 miliyoni, mpweya wa haidirojeni umapanikizika n'kusanduka mpweya wina wotchedwa hiliyamu, ndipo kusandukako ndi kumene kumatulutsa kuwala ndi kutentha. Pamwamba pake pamatentha madigiri pafupifupi 5,500. Mtundu wa nyenyezi umaulula kutentha kwake, ndipo apa ana amaphonya chifukwa anazolowera kuti chofiira ndiye chotentha. Mu Orion yerekezani nyenyezi ziwiri zowala zimene zili mbali ziwiri za Akamwiniatsatana. Betelgeuse ndi yofiira, pamwamba pake pamatentha madigiri opitirira pang'ono 3,000. Rigel ndi yoyera mobiriwira ngati thambo, imapitirira 11,000. Chitsulo chikamatenthedwa chimayamba kufiira, chikapsa kwambiri chimayera. Mitundu ikavuta kuona, mwana ayang'ane nyenyezi ziwirizi mosinthanasinthana mofulumira.

Masana nyenyezi sizipita kulikonse. Mpweya umamwaza kuwala kwa dzuwa, thambo lonse n'kuwala kuposa izo. Yatsani tochi panja masana, mwana aime patali mamita 30, kenako mubwereze usiku pamalo omwewo, aona yekha. Kuthwanima nakonso si kwa nyenyezi, ndi kwa mpweya wathu umene umagwedeza kuwala podutsa, ndipo kumakula nyenyezi ikakhala m'munsi, pamene kuwala kwake kumaboola mpweya wochuluka. Sirius ikakhala chakum'munsi imathwanima mpaka kusinthasintha mitundu. Chowala kwambiri koma chosathwanima, kawirikawiri ndi pulaneti. Nthanda ya mbandakucha ndi pulaneti Venus, ndipo chowala chija chimaoneka kumadzulo kukamachita chisisira miyezi ina ndi Venus yomweyo. Kadontho koyenda mosalekeza n'kudutsa thambo pa mphindi zochepa, kopanda nyali zophethira, ndi setilaiti. Chimkuzi choyererako chodutsa thambo usiku wamdima, Mlalang'amba, ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni zimene dzuwa lathu lili m'gulu lake. Katswiri wa ku Italy, Galileo, ndiye anachiloza ndi telesikopu, n'kulemba mu 1610 kuti chooneka ngati utsicho ndi nyenyezi zosawerengeka.

Kubwerera ku ndodo

Nkhani ya nyengo imafuna miyezi, choncho ndodo ija isazulidwe. Ngati n'kotheka ilowedwe m'malo ndi chitsulo chozikidwa bwino. Kamodzi pa mwezi, tsiku lofanana, mwana ayeze chithunzithunzi chachifupi kwambiri cha masana, alembe kutalika kwake ndi mbali imene chaloza. Alembenso pamene dzuwa latulukira poyerekeza ndi mtengo kapena denga, ataima pamalo amodzi. Apeza kuti dzuwa limatulukira kum'mawa kwenikweni kawiri kokha pachaka, cha pa 20 Malichi ndi cha pa 23 Sepitembala. Cha pa 21 Juni limatulukira chakumpoto kwambiri, cha pa 21 Disembala chakum'mwera kwambiri.

Chifukwa chake achione pa mpira uja. Upendeketseni madigiri 23 ndi theka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kuchoka poima chilili kufika pogona, ndipo auyendetse kuzungulira nyali. Pamene pamalakwika ndi apa: mwana amafuna kuti mutu wa mpira uziweramira kunyali nthawi zonse. Ayi. Sankhani ngodya imodzi ya denga la chipindacho, mutu wa mpira uziloza komweko ulendo wonse. Mbali ina ya nyali, theka la kumpoto ndilo limalandira kuwala molunjika ndi kwa nthawi yaitali. Mbali inayo, theka la kum'mwera. Akanena kuti kumatentha chifukwa tayandikira dzuwa, mupatseni manambala awa: dziko limayandikira dzuwa kwambiri kumayambiriro kwa Januwale, makilomita 147 miliyoni, n'kutalikira kwambiri kumayambiriro kwa Julayi, makilomita 152 miliyoni, komabe Januwale yemweyo ku Canada kumagwa chipale pomwe ku Australia kukutentha.

Amene amakhala pakati pa madigiri 23 ndi theka kumpoto ndi kum'mwera kwa ikweta ali ndi mwayi wina. Kawiri pachaka dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, chithunzithunzi cha ndodo n'kuthawira patsinde pake kwa kanthawi. Manambala a m'kope akamatsika kuyandikira 0, mwana aziyeza tsiku ndi tsiku kuti tsikulo lisamudutse. Likadutsa, chithunzithunzi cha masana chimatulukira mbali ina ya ndodo, chimene chinkaloza kum'mwera n'kuyamba kuloza kumpoto, kapena cha kumpoto n'kuloza kum'mwera. Tsikulo alilembe, ndipo chaka chamawa ayesenso ngati libwera pa deti lomwelo.